Kachipangizo koyezera INR kunyumba: zimene kamatha, ndi zimene sikangakulonjezeni pa matenda oiwalaiwala

Ngati inuyo kapena m'bale wanu akumwa mankhwala osungunula magazi otchedwa warfarin chifukwa cha mtima wogunda mosalongosoka, kachipangizo koyezera kunyumba INR, nambala yosonyeza kuti magazi akuchedwa bwanji kuundana, n'koyenera kugula, bola pakhale dokotala kapena namwino womuimbira foni nambala ikatuluka yachilendo. Ngati munthu woteroyo palibe, sungani ndalama zanu. Sinditchula kampani imene inapanga kathuka, chifukwa tizipangizo timeneti timagwira ntchito mofanana, ndipo chimene ndikufuna kukambapo kwambiri ndi chifukwa chimene ndinakagulira, nkhani ya ubongo wa amayi anga.

Amayi ali ndi zaka 74. Madokotala anawapeza ndi atrial fibrillation, imene pakhadi lawo la kuchipatala imangolembedwa kuti AF. Zipinda ziwiri zam'mwamba za mtima, m'malo mofinya magazi mwamphamvu, zimangonjenjemera. Ukagwira mtsempha wa padzanja pawo umamva kugunda kopanda dongosolo, kawiri mothamanga, kenako zii, kenako kumabweranso mopupuluma. Choopsa kwenikweni si kugundako ayi. Magazi amene sakukankhidwa bwino amadikha, makamaka m'kathumba kakang'ono kamene kali pa chipinda cham'mwamba chakumanzere, ndipo magazi odikha amaundana. Kachidutswa kakathothoka pamenepo, kawirikawiri kamakatsekera kuubongo. Kafukufuku wa ku Framingham, ku America, amene zotsatira zake pa nkhaniyi zinatuluka mu 1991, anapeza kuti AF imachulukitsa pafupifupi kasanu ngozi yodwala sitiroko. Warfarin akamwedwa moyenera amachotsa pafupifupi magawo awiri mwa magawo atatu a ngoziyo.

Wina afunsa kuti bwanji osangowasinthira ku mankhwala atsopano aja, apixaban, rivaroxaban, dabigatran kapena edoxaban, amene safuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Inenso ndinafunsa zomwezo. Amayi ali mtsikana anadwala matenda oyambira pakhosi amene anakawononga valavu ya mtima (kachitseko kodutsira magazi) yotchedwa mitral, moti inachepa kwambiri. Kwa anthu otere, komanso kwa amene anaikidwa valavu yachitsulo, warfarin ndiye akadali mankhwala oyenera. Kafukufuku wotchedwa INVICTUS, wa mu 2022, anatsatira odwala oposa 4,500 m'maiko 24, onse a AF yobwera chifukwa cha matenda a valavu amenewa, ndipo amene ankamwa rivaroxaban anamwalira ambiri kuposa amene ankamwa warfarin ndi mankhwala a mtundu wake. Ndiye ife tili pa warfarin, ndipo tidzakhala pomwepo.

Warfarin ndi mankhwala ovuta kuwaweta. INR ndi nambala yosonyeza kuti magazi akuchedwa bwanji kuundana. Munthu wosamwa mankhwalawa amakhala ndi nambala ya pafupifupi 1. Amayi ayenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ikatsika pansi pa 2, ngozi yoti magazi aundane imakwera. Ikakwera kwambiri, akhoza kutaya magazi m'mimba kapena m'mutu. Kuli ngati kuwoloka mtsinje pa mtengo umodzi, kugwera kumanja kapena kumanzere n'chimodzimodzi. Ndipo zimene zimasuntha nambalayi n'zambiri: masamba obiriwira okhala ndi vitamini K wochuluka ukawadya kwambiri sabata ino n'kuwasiya sabata yamawa, mowa, kutsegula m'mimba, kusadya chifukwa cha kudwala, komanso mankhwala ena. Metronidazole, cotrimoxazole ndi fluconazole amaikweza. Rifampicin wa TB amaitsitsa kwambiri.

Kwa nthawi yaitali tinkangodalira kuyezetsa kuchipatala kamodzi pamwezi, ndipo zinkayenda. Zinasintha amayi atayamba kufunsa funso limodzi kawiri m'mawa womwewo, ndi kusowa dzina la munthu amene amamudziwa bwino. Adokotala anawayesa, kuwauza mawu angapo kuti awakumbukire pakapita mphindi zochepa, kuwajambulitsa wotchi papepala. Anati kuiwala kulipo pang'ono koma sikunafike pa matenda oiwalaiwala enieni. Kenako anatsegula buku la INR n'kundionetsa kuti pa miyezo ya chaka chimenecho, yambiri inali kunja kwa malire, ina pansi, ina pamwamba. Anati, "Mayi, izi n'zimene tingakonze. Zinazo sitingathe, koma izi tingakonze."

Apa ndi pamene ndinayamba kuwerenga, ndipo ndikufuna ndifotokoze bwinobwino chifukwa ogulitsa amaipotoza nkhaniyi.

Zoti AF imayendera limodzi ndi matenda oiwalaiwala zinadziwika kale. Mu 1997 ofufuza a ku Rotterdam, ku Netherlands, analemba kuti okalamba a AF ankapezeka ndi matendawa kwambiri kuposa anzawo, ngakhale amene sanadwalepo sitiroko yodziwika. Mu 2010 madokotala a zipatala za Intermountain ku Utah, atatsatira anthu oposa 37,000, anapeza zofanana, ndipo chodabwitsa chinali choti kusiyanako kunali kwakukulu kwambiri mwa osakwana zaka 70. Njira zimene ubongo umawonongekera zilipo zingapo. Sitiroko yaikulu aliyense amaiona, munthu kamwa kupotoka, dzanja kufa. Koma pali tisitiroko ting'onoting'ono tosamveka, pamene kachidutswa kochepetsetsa katseka kamtsempha kamodzi, munthu osamva kanthu, n'kupitiriza kumwa tiyi wake. Ofufuza a ku Switzerland atajambula ubongo wa odwala AF ndi makina a MRI anapeza zipsera zotere mwa anthu ambiri amene ankati sanadwalepo sitiroko, ndipo amene anali ndi zipsera zazikulu ankalephera kwambiri mayeso a kaganizidwe. Palinso zoti mtima wogunda mosalongosoka sutumiza magazi kuubongo mofanana nthawi zonse. Ndipo pali timadontho ta magazi totuluka m'timitsempha ta muubongo, timene mankhwala osungunula magazi akapitirira mlingo angatiwonjezere. Pamwamba pa zonsezi, ukalamba, bipi ndi shuga zimabweretsa AF ndipo zimabweretsanso kuiwala, choncho n'kovuta kulekanitsa chimene chayambitsa chinzake.

Nanga mankhwala osungunula magazi amateteza? Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa ku Sweden, wa Leif Friberg ndi Mårten Rosenqvist, amene anatuluka mu magazini ya madokotala a mtima ya European Heart Journal mu 2018. Anayang'ana m'kaundula wa dziko lonse odwala AF oposa 444,000, kuyambira 2006 mpaka 2014. Amene ankamwa mankhwalawa poyambira anali ndi ngozi ya matenda oiwalaiwala yochepa ndi 29 peresenti poyerekeza ndi osamwa, ndipo atawerengera nthawi imene munthu ankamwadi, inachepa ndi 48 peresenti. Pakati pa warfarin ndi mankhwala atsopano sanapeze kusiyana. Manambala okoma kumva. Koma uku kunali kuyang'ana m'mabuku, osati kugawa anthu mwamaere. Dokotala akaona wokalamba amene wayamba kale kusokonezeka, wogwaigwa, wopanda womuyang'anira, nthawi zambiri amaopa kumupatsa mankhwala oterewa. Ndiye gulu la osamwa limadzaza ndi anthu amene anali kale panjira ya matendawa. Olemba kafukufukuyo anayesetsa kukonza zimenezi powerengera, koma sizikonzeka zonse.

Atayesa mwamaere, nkhani inazizira. Ku Canada kunachitika kafukufuku wotchedwa BRAIN-AF, amene zotsatira zake zinalengezedwa mu 2024. Anatenga anthu oposa 1,200 a AF, achichepere ndithu, opanda bipi, shuga kapena sitiroko yakale, anthu amene malinga ndi malamulo a masiku ano safunikira mankhwala osungunula magazi. Theka anapatsidwa rivaroxaban, theka mapiritsi opanda mankhwala. Anausiya usanathe chifukwa zinaonekeratu kuti panalibe phindu: kaganizidwe kankatsika mofanana m'magulu onse awiri. Tanthauzo lake kwa ine n'lakuti munthu asayambe mankhwalawa pofuna kuthawa kuiwala basi. Amamwedwa pofuna kupewa sitiroko, mwa anthu amene ngozi yawo ya sitiroko yayezedwa n'kupezeka yokwanira, ndipo ngati ubongo ukupindulanso m'njira zina, ndi mwayi wapamwamba.

Koma kwa amene ali kale pa warfarin pali mfundo ina, ndipo ndi imene inandichititsa kugula kachipangizoka. Madokotala omwe aja a ku Utah analemba mu 2014 kuti odwala amene INR yawo inkakhala nthawi yochepa mkati mwa malire ankadwala matenda oiwalaiwala kuchuluka kangapo poyerekeza ndi amene inkakhala m'malire nthawi zambiri. N'zomveka: ikatsika, tizidutswa, ikakwera, timadontho ta magazi. Komabe nawonso uku kunali kuyang'ana m'mabuku, ndipo n'kutheka kuti galimoto ikuyenda chambuyo, kuti munthu amene wayamba kuiwala ndi amene amadumphitsa mapiritsi kapena kumwa kawiri, INR n'kumasokonekera. Mwa amayi ndikukhulupirira kuti zonse ziwiri zinkachitika. Mulimonsemo, yankho lake ndi limodzi, kuyang'anira nambalayo pafupi.

Tsopano kachipangizoko. Kamakwana m'dzanja, kamayendera mabatire, ndipo kamabwera ndi cholembera chobayira chala ndi tisingano take. Timapepala toyezera timagulidwa padera, m'kabotolo kotsekeka. Bokosi lililonse la timapepala limabwera ndi kakhadi ka nambala kamene umalowetsa m'kachipangizo kuti kadziwe mtundu wa timapepalato. Umalowetsa kapepala, kachipangizo kamakatenthetsa kwa kanthawi, kenako kamalira kusonyeza kuti kakonzeka. Umabaya m'mbali mwa nsonga ya chala, dontho n'kuligunditsa pakapepala. Pakapepalapo pali mankhwala oyambitsa kuundana, ndipo kachipangizo kamawerenga nthawi imene magaziwo atenge. Pasanathe mphindi imodzi kapena kupitirira pang'ono, nambala ija ndi iyo.

Amene anazolowera koyezera shuga asadzinamize kuti n'chimodzimodzi. Dontho lofunika pano ndi lalikulupo, ndipo liyenera kufika pakapepala mwamsanga, chifukwa magazi amayamba kuundana akangotuluka. Ukachedwa, nambala imanama. Ukafinya chala mwamphamvu, madzi a m'mnofu amasakanikirana ndi magazi, nambala imanamanso. Manja a amayi amazizira m'mawa ndipo magazi satuluka, choncho timayamba ndi kuwasambitsa m'madzi ofunda, kuwapukuta bwino, n'kutsitsa dzanja kwa kanthawi. Iwo amadandaula nthawi zonse, "Mwanangu, kodi magazi angawa simunawaone mokwanira?" koma amatambasula chala. Amanena okha kuti kubaya kumeneku sikupweteka ngati singano ya pamkono, imene inkawasiyira chibuluu chachikulu mpaka sabata.

Chimene ndimakakondera kwambiri chinaoneka amayi atapatsidwa maantibayotiki a matenda a m'chikhodzodzo. Kale tikanadikira tsiku la kuchipatala. Ulendo uno anamwino anati tiyeze pakapita masiku ochepa, ndipo nambala inali itakwera kupitirira 4. Ndinaimba foni. Anati, "Lero asamwe, mawa muyezenso mundiuze, ndipo mukaona magazi m'nkhama, m'mkodzo, kapena chimbudzi chakuda, musadikire ine, thamangani kuchipatala." Palibe chinachitika, nambala inabwerera m'malo mwake. Koma kukwera kumeneko sitikanakudziwa n'komwe, ndipo ndikaganiza za timadontho ta muubongo tija, ndimaona kuti kachipangizoka kanagwira ntchito imene ndinakagulira. Kuyambira pamene tinayamba kuyeza sabata iliyonse, buku la INR likuoneka bwino kwambiri kuposa la chaka chija, ndipo adokotala anavomereza atalitsegula.

Zodandaula zilipo. Chimene chimadya ndalama si kachipangizoko koma timapepala, ndipo kapepala kalikonse kamagwira kamodzi. Dontho likachepa, kachipangizo kamalemba nambala ya cholakwika, kapepala kapita. Poyamba timatayika tambiri, ndiye gulani moganizira zimenezo. Timapepalati timakhalanso ndi tsiku lothera, timadana ndi chinyezi, ndipo kabotolo kakangosiyidwa kotsegula mungataye tonse. Mabatire akatha n'kukhala nthawi osasinthidwa, kathu kamaiwala tsiku ndi nthawi, ndipo kamakana kuyeza mpaka uzikonzenso, ntchito ya timabatani ting'onoting'ono imene munthu wa maso okalamba sangaithe. Nambala ya INR imaoneka yaikulu bwino, koma mauthenga a zolakwika ndi timanambala basi, umachita kukafufuza m'kabuku kuti katanthauza chiyani. Kwa chipangizo chimene ogula ake ambiri ndi okalamba, zimenezi sanaziganizire.

Palinso malire amene aliyense ayenera kuwadziwa. INR ikakwera kwambiri, tizipangizo timeneti sitikhalanso tolondola ngati labu, choncho nambala yapamwamba iyenera kutsimikizidwa ndi magazi a pamkono. Munthu wochepa magazi kwambiri, kapena wa matenda ochititsa magazi kuundana msanga otchedwa antiphospholipid syndrome, akhoza kupeza nambala yabodza. Ndipo nthawi ndi nthawi muyenera kupita nako kuchipatala, kuyeza ndi kachipangizo ndi ku labu tsiku limodzi, kuti muone ngati zikugwirizana. Zathu zimasiyana pang'ono chabe, mkati mwa zimene anamwino anati n'zololeka.

Chimene chinandikwiyitsa ndi wogulitsa. Pofotokoza za katundu wake anandiuza molimba mtima kuti kuyeza kunyumba kumateteza ubongo ku matenda oiwalaiwala. Palibe kafukufuku amene ndinamupeza wonena zimenezo. Ngakhale pa sitiroko penipeni umboni wake ndi wosakanikirana. Ku America kunachitika kafukufuku wotchedwa THINRS, amene anatuluka mu 2010, wa odwala pafupifupi 2,900 a m'zipatala za asilikali opuma. Ena ankadziyeza kunyumba sabata iliyonse, ena ankayezedwa kukiliniki yabwino kamodzi pamwezi. Odziyeza okha anakhala m'malire nthawi yochulukirapo pang'ono, pafupifupi 66 peresenti poyerekeza ndi 62, ndipo anali okhutira kwambiri, koma pa sitiroko, kutaya magazi kwakukulu ndi imfa sipanaoneke kusiyana kotsimikizika. Ofufuza ena ataphatikiza kafukufuku wambiri anapeza kuti kudziyeza kumachepetsa kuundana kwa magazi, ndipo bungwe la NICE, lolangiza zipatala ku England, linavomereza njira imeneyi mu 2014 kwa odwala amene angathe kuigwiritsa ntchito. Ine ndimamva kuti amene INR yake ndi yokhazikika kale ndipo ali ndi kiliniki yabwino sapindula zambiri, pamene wa nambala yodumphadumpha ngati amayi ndi amene ali ndi zoti apindule.

Kachipangizoka kakhozanso kumuwononga munthu wankhawa. Mlingo wa warfarin ukasinthidwa, kusinthako kumatenga masiku awiri kapena atatu kuti kuoneke m'magazi. Amene amayeza tsiku lililonse n'kumawonjezera kapena kuchotsa theka la piritsi payekha amangoithamangitsa nambalayo uku ndi uku. Ife sitisintha mlingo tokha. Timayeza, timalemba, timaimba. Alipo odwala amene amaphunzitsidwa kusintha okha potsatira tchati chimene chipatala chawapatsa, koma ndi ophunzitsidwa, ndipo si anthu amene ayamba kuiwala.

Apa ndi pamene pali chinthu chimene bokosi silinena. Munthu amene kuiwala kwamuyamba sangakagwiritse ntchito yekha. Masitepe ndi ambiri, ndipo nambala ikatuluka pafunika wina woimvetsa. Amene akugula kwenikweni ndi womusamalira. Kachipangizo sikadziwanso ngati piritsi la dzulo linamwedwa; kamangokuuza patapita masiku kuti china chake chalakwika. Chimene chinathetsa kudumphitsa ndi kubwereza kwa amayi ndi kabokosi ka mapiritsi kogawidwa masiku asanu ndi awiri, kamene ndimadzaza ndekha, ndi foni imene imalira madzulo nthawi yofanana. Podzaza ndimawerenga nambala ya mamiligalamu yolembedwa pa paketi, sindidalira mtundu wa piritsi, chifukwa mitundu imasiyana malinga ndi dziko ndi kampani: piritsi lapinki kwina ndi la 5 mg, kwina ndi la 1 mg. Ndinachotsanso ibuprofen ndi asipirini yense m'nyumba mwawo, chifukwa mankhwala amenewa amawonjezera ngozi yotaya magazi koma INR osasonyeza chilichonse. Pamenepo kachipangizo kakhoza kukuonetsa 2.5 yokongola pamene m'mimba mukuchucha.

Amene akumwa apixaban, rivaroxaban, dabigatran kapena edoxaban asagule konse. INR siyeza mphamvu ya mankhwala amenewo, ndipo nambala imene mungapeze ingokusokonezani. Iwo chofunika ndi kusadumphitsa piritsi, poti mphamvu yake imatha msanga m'thupi, komanso kuyezetsa impso nthawi ndi nthawi. Ndipo amene alibe vuto la valavu koma akuvutika kukhazikitsa INR, asanagule kachipangizo ayambe afunsa adokotala ngati angasinthe mankhwala. Mu kafukufuku wa ARISTOTLE wa mu 2011, wa odwala oposa 18,000, apixaban anachepetsa sitiroko ndi kutaya magazi kwakukulu kuposa warfarin, ndipo kutaya magazi m'mutu kunachepa kwambiri. Mwayi umenewo amayi alibe.

Musanapereke ndalama, funsani kukiliniki kwanu ngati amalandira nambala zoyezedwa kunyumba, ndani amene muzimuimbira, ndiponso muzichita chiyani nambala yoopsa ikatuluka usiku kapena kumapeto kwa sabata. Funsaninso ngati angakuphunzitseni kuyeza koyamba iwo akuona. Anamwino athu anatichititsa kuyeza pamaso pawo mpaka atakhutira, ndipo anatilembera pachikuto cha buku la INR nambala imene ikapitirira tisadikire foni koma tinyamuke.